Mphaka wanu woyera wa makutu akuda akusintha mtundu? Onani izi kaye musanamupatse mankhwala

Nkhani iyi yandipeza kambirimbiri moti ndangoti bola ndilembe kamodzi. Munthu amatenga kamphaka koyera mbee, maso a buluu, timakutu totuwa pang'ono, nde pakapita miyezi ingapo foni ija yalira, akuti mphaka uja wada, kapena watuluka chigamba chakuda pamimba, kapena maso akuyang'ana kumphuno, ndipo kawirikawiri pomwe akuimbapo amakhala atamumwetsa kale kenakake kapena atamupaka kenakake. Kusintha mtunduko nthawi zambiri si matenda ayi. Chimene chimapweteka amphaka amenewa ndi zomwe timawachita titachita mantha.

Ndikunena amphaka a Siamese ndi abale awo monga Balinese, Himalayan, Ragdoll, Birman ndi Snowshoe, kuphatikizapo amphaka wamba a pakhomo amene anangotengera maonekedwewo kumtundu. Kwawo kwa Siamese ndi ku Thailand, dziko lomwe kale linkatchedwa Siam, ndipo ku Britain anayamba kuonekera kwambiri m'zaka za m'ma 1880. Thupi limakhala loyera ngati mkaka kapena ngati ufa wa mgaiwa, koma makutu, nkhope, mapazi ndi mchira zimakhala zoderapo. Malo oderapowa oweta amawatchula kuti mapoyinti. A seal point mapoyinti ake ndi a bulawuni wakuda ngati khofi wopanda mkaka, a chocolate ndi opepukirapo, a blue ndi otuwa ngati mitambo ya mvula, a lilac ndi otuwa mofooka kopita ku pinki, a cream ngati tiyi wothira mkaka wambiri, a flame ndi a olenji. Wanga ndi wa lilac, dzina lake Thonje, ndipo zambiri zomwe ndalemba pano ndaziona pa iyeyo.

## Chinthu chimodzi chofunika kuchimvetsa kaye

Utoto wa ubweya umapangidwa mothandizidwa ndi enzyme ina (kanthu ka m'thupi kothandiza kupanga zinthu zina) yotchedwa tyrosinase. Mwa amphaka awa gene yake, kutanthauza malangizo a chibadwa omwe mwana amatengera kwa makolo, inasintha pang'ono, nde enzyme ija imalephera kugwira ntchito pamalo otentha, imangogwira pomwe khungu lili lozizirirapo. Thupi la mphaka mkati limatentha madigiri 38 mpaka 39, pamimba ndi pamsana khungu limafunda, utoto supangika, ubweya umatuluka woyera. Kumakutu, kumchira, kumapazi ndi kumphuno kumazizira, utoto umapangika. Basi. Anthu a sayansi anaonetsa kale mu 1930 ku Russia kuti mphaka wa Siamese mukamusunga kozizira amada, ndipo mu 2005 anapeza malo enieni pa gene ija pomwe panasinthapo.

Komanso ubweya womwe wamera kale susintha, umasintha ndi watsopano. Ndiye zomwe mukuona lero ndi za kuzizira kapena kutentha kwa masabata kapena miyezi yapitayo.

## Thupi lonse likuderapo

Zoyambitsa, kuyambira chofala kwambiri:

1. Kukula. Amabadwa oyera, chaka choyamba ndi chachiwiri amaderapo ndithu, ndipo a seal ndi a blue amapitiriza pang'onopang'ono moyo wawo wonse. A lilac ndi a cream amakhalabe oyera kwambiri.
2. Nyengo yozizira. June ndi July akadutsa, muone mu Ogasiti kuti msana waderapo. Mphaka wa ku Dedza kapena wa m'mphepete mwa phiri la Zomba amakhala woderapo kuposa m'bale wake wa mimba imodzi yemwe anapita ku Nsanje kapena ku Mangochi, ndipo amene muli ku Britain kapena ku Johannesburg komwe chisanu chimalasa mumaziona kwambiri izi.
3. Pogona. Akamagona pa simenti kapena pa matailosi, mbali yomwe amakonda kugonera imatha kuda kuposa inayo.
4. Kunenepa. Mafuta a pansi pa khungu amatchinga kutentha kwa mkati, khungu pamwamba limazizirirapo, ubweya umada.
5. Ukalamba, magazi sakuyendanso bwino pakhungu ngati kale.

Chochita: mupapaseni m'nthiti. Nthiti zizimveka mosavuta koma zisamaoneke. Ngati mukuchita kukanikiza kuti muzimve, chepetsani chakudya pang'onopang'ono, osamusalitsa. Muikireni katoni yokhala ndi kansalu pamalo opanda mphepo. Ngati akudya, akusewera, akupita kuchimbudzi bwinobwino, palibe choti muchize apa, ndipo palibe sopo kapena mankhwala amene angamubwezere kuyera kwa ali mwana. Ndanena dala izi chifukwa ndinamvapo wina atasambitsa mphaka ndi madzi othira Jik kuti ayere. Chonde ayi, zimawotcha khungu ndipo akadzinyambita zimawotchanso kukamwa.

Pitani kwa dokotala wa ziweto ngati kuderako kwabwera limodzi ndi kuonda, kumwa madzi kwambiri, kapena kungokhala ndwii osadya.

## Chigamba chimodzi chakuda pamalo oyera

Apa ndi pomwe anthu ambiri amasokonezeka, nde ndichedwapo pang'ono.

1. Anametedwa pamenepo. Wamkazi akapita kukatseketsa amamumeta pamimba kapena m'mbali, khungu limakhala pamtetete, limazizira, ubweya watsopano umamera wakuda. Thonje atachitidwa opaleshoni anatuluka chigamba cha makona anayi m'mbali mwa mimba, cholunjika bwinobwino ngati munthu wachita kujambula ndi rula, chotuwa mofanana ndendende ndi mchira wake. Chinakhala miyezi ingapo, ubweya utathothoka n'kumera wina chinazimiririka chokha.
2. Utitiri. Mphaka amadzikanda ndi kudzinyambita pamalo amodzi, makamaka kumsana chakumchira ndi m'ntchafu, ubweya umapyapyala, khungu limazizira, pamenepo pamada. Chigamba chake sichikhala cholunjika.
3. Chipere. Kadazi kozungulira, kofunduka ngati nkhungu, kawirikawiri kumaso, kumakutu kapena kumiyendo, kenako pomera ubweya pamada.
4. Bala lakale, mwina analumana ndi mphaka mnzake, panatupa, panaphulika, panapola.
5. Kudzinyambita mopitirira chifukwa cha nkhawa. Amphaka a Siamese amakonda anthu kwambiri ndipo akamasiyidwa okha tsiku lonse ena amayamba kudzinyambita pamimba mpaka dazi. Koma musathamangire kunena kuti ndi nkhawa musanathane ndi utitiri.

Kayezedwe ka utitiri ndi kosavuta. Muimikeni pa pepala loyera, mupeseni ndi chipeso cha mano ang'onoang'ono, timadontho takuda tomwe tagwa mutiike pa tishu wonyowa. Ngati tikusungunuka n'kufiira ngati dzimbiri, ameneyo ndi manyi a utitiri, ndi magazi a mphaka wanu. Ngati sitikusintha ndi dothi chabe. Ubwino wa mphaka woyera ndi womwewu, zonse zimaoneka msanga.

Mankhwala a utitiri gulani olembedwa kuti ndi a amphaka, ndipo chapani zogonera zake, sesani m'makona ndi pansi pa mipando chifukwa mazira ambiri amakhala m'nyumba osati pa mphaka. Mankhwala a agalu musayerekeze, ambiri ali ndi permethrin yemwe amapangitsa mphaka kunjenjemera, kukomoka mpaka kufa. Dibu wa ng'ombe, Doom, palafini, oyilo wakutha wa galimoto, zonsezi ayi.

Chipere chimapatsirana kwa anthu, makamaka ana. Mukachikayikira musamulole kugona pabedi, sambani m'manja mukamugwira, ndipo mutengereni kwa dokotala chifukwa nthawi zambiri chimafuna mankhwala akumwa a masabata angapo.

## Mapoyinti akufooka, kapena nkhope yatuluka timaubweya toyera

1. Kutentha kwa nyengo. Okutobala ndi Novembala akadutsa ena amayererako.
2. Anadwalapo n'kutentha thupi. Ubweya womwe unamera nthawi ya matendayo umatuluka woyera, nde kumaso kumaoneka ngati wathiridwa ufa, makamaka mozungulira maso. Zimaoneka patapita masabata matenda atatha kale.
3. Anamangidwa bandeji pamwendo, mkatimo munkafunda, ubweya wamera woyera.
4. Zakudya zosakwanira. Utoto umapangidwa kuchokera ku tyrosine yemwe amapezeka m'zakudya zomanga thupi. Mphaka wongodya nsima yonyika mu msuzi ubweya wake umafooka, umauma, wa seal umatha kuoneka wofiirira.

Pa zakudyazi ndinene mosabisa, mphaka si galu. Thupi lake limafuna nyama, muli taurine yemwe akasowa maso ndi mtima zimawonongeka. Ngati thumba likulola gulani chakudya cha amphaka cha m'sitolo cholembedwa kuti ndi chokwanira. Ngati ayi, nkhuku yophika, mitima ndi nthutumba, dzira lophika, chiwindi pang'ono chabe kamodzi pa sabata, usipa kapena matemba oviika kaye m'madzi kuti mchere uchoke kenako n'kuphika. Nsomba yokhayokha tsiku ndi tsiku si bwino. Anyezi ndi adyo zimawononga magazi a mphaka, nde msuzi wa ndiwo zathu musamuthirire. Mkaka wa ng'ombe amphaka ambiri akuluakulu umawatsegula m'mimba.

## Ubweya woyera wasanduka wachikasu, wofiira kapena wathimbirira

1. Dothi. Katondo wathu uja amamatirira pa ubweya woyera, makamaka nthawi ya fumbi.
2. Mwaye ndi phulusa. M'nyengo yozizira amakonda kukhala pafupi ndi mbaula kapena pa mafuwa moto ukazima, kum'mawa mumamupeza mimba yonse yotuwa. Onaninso ngati ndevu zapsa.
3. Malovu. Pomwe amanyambita kwambiri pamasanduka bulawuni, bwererani ku nkhani ya utitiri ija.
4. Timadontho takuda pachibwano ngati khala lopera. Ndi ziphuphu za amphaka, mbale za pulasitiki zokandikakandika zimawonjezera vutoli. Sinthani mugwiritse ya chitsulo kapena yadothi yosalala, muzitsuka tsiku lililonse, chibwano muzipukuta ndi kansalu ka madzi ofunda. Osafinya.
5. Mafuta pamwamba pa mchira, makamaka aamuna osathena.
6. Wasiya kudzisamalira. Mphaka wabwinobwino amadzinyambita kangapo patsiku, akasiya ndiye kuti penapake pakuwawa, kawirikawiri m'kamwa. Kwezani mlomo muone nkhama ngati zafiira, mano ngati ali ndi zokakamira, fungo ngati lili loipa.

Kupesa kawiri kapena katatu pa sabata ndi kupukuta ndi kansalu konyowa kumakwanira kwa a ubweya waufupi. A Himalayan ndi ena a ubweya wautali amafuna chipeso tsiku lililonse, apo ayi m'khwapa ndi kuseri kwa makutu kumapotana mfundo. Kusambitsa kukhale kwa apo ndi apo, ndi shampu ya amphaka, dzuwa likuwala, ndipo mumupukute mpaka aume. Dettol ndi sopo wochapira zovala ayi.

Koma siyanitsani ubweya wachikasu ndi khungu lachikasu. Yang'anani mkati mwa khutu, nkhama ndi choyera cha diso. Ngati izi zili zachikasu ndi chikasu chenicheni, vuto la chiwindi kapena la magazi, ndipo amenewo ndi a dokotala tsiku lomwelo.

## Za maso

Maso onse awiri akuyang'ana kumphuno kuyambira ali mwana: ndi chibadwa. Gene yomwe ija imapangitsa kuti mitsempha ina yochokera m'maso ilumikizike mbali yolakwika ya ubongo, nde mphaka amapingasa maso kuti aone bwino. Sizimuwawa, sizichizika, amagwira mbewa bwinobwino. Ena maso amagwedera pang'ono uku ndi uku akamayang'anitsitsa chinthu, nazonso ndi zomwezo. Chimodzimodzi kamfundo ka kunsonga kwa mchira komwe ena amabadwa nako, sikuti anathyoka.

Maso akuwala mofiira usiku mukamuunika ndi tochi, pomwe amphaka ena amawala mobiriwira: kuseri kwa diso lake kuli utoto wochepa, nde mukuona kufiira kwa mitsempha ya magazi. Ndikudziwa zomwe anthu ena amayankhula akaona mphaka wa maso ofiira mumdima, ndipo amphaka osalakwa amagendedwa chifukwa cha zimenezi. Ngati aneba akudabwa afotokozereni masana, amuone, amugwire, ndipo usiku azigona m'nyumba.

Ena amafunsanso ngati maso a buluu akutanthauza kugontha. Kugontha kuja kumakhudza amphaka oyera thupi lonse, omwe kuyera kwawo kumachokera ku gene ina. A mapoyinti amamva bwino.

Misozi ndi manthongo, kuyambira chofala:

- Fumbi, utsi wa nkhuni kapena wa koyilo ya udzudzu. Misozi yake ndi yoyera, maso onse awiri.
- Kapangidwe ka nkhope. A Himalayan a mphuno yophwatalala misozi imangotsika, n'kusiya mizere ya bulawuni. Pukutani tsiku lililonse ndi thonje loviika m'madzi owiritsa ozizira, diso lililonse thonje lakelake.
- Chimfine cha amphaka, pamakhala kuyetsemula, mamina, manthongo achikasu. Katemera alipo.
- Bala pa diso, mwina chikhadabo cha mnzake. Diso limodzi lotsinzina.

Siyani zonse mupite kwa dokotala ngati diso limodzi latsinzina kapena lachita mtambo, ngati kupingasa kapena kugwedera kwa maso kwayamba mwadzidzidzi mwa mphaka wamkulu, ngati mutu wapendekeka kapena akuyenda mozungulira, kapena akugunda mipando madzulo. Mankhwala odontheza m'maso a anthu otsala m'kabati musamuthire, ena ali ndi steroid yemwe amakulitsa bala la pa diso.

## Ana abadwa oyera, kapena sakufanana ndi makolo

M'mimba mwa mayi ndi mofunda paliponse, nde ana onse a mapoyinti amabadwa oyera. Pakatha sabata imodzi kapena ziwiri m'mphepete mwa makutu, pamphuno ndi kumchira mumayamba kuoneka kamtundu. A seal amaoneka msanga, a lilac ndi a cream amachedwa, mutha kudikira masabata angapo musanatsimikize. Kuyang'ana zikhatho pansi kumathandiza, a seal zimada, a lilac zimakhala za pinki wotuwirako.

Gene ya mapoyinti ndi yobisala, mwana amayenera kuilandira kwa mayi ndi kwa bambo komwe. Ndiye:

- Makolo onse a mapoyinti, ana onse a mapoyinti.
- Mayi wa mapoyinti wabereka ana akuda kapena amizeremizere, ndiye kuti bambo ndi mphaka wina wa m'dera wopanda gene imeneyi, kapena ali nayo imodzi yokha. Mimba imodzi imathanso kukhala ndi abambo awiri.
- Makolo onse ndi amphaka wamba koma mwatuluka kamodzi koyera ka maso a buluu, onse awiri anali nayo mobisa. Mwayi wake ndi mwana mmodzi mwa 4.

Kuti atuluke wa lilac pamafunikanso ma gene ena awiri obisala, ya chocolate ndi yofooketsa mtundu, iliyonse kuchokera mbali zonse ziwiri, n'chifukwa chake ndi osowa. Ndipo amene mukugula chenjerani, ana onse amphaka amakhala ndi maso a buluu mpaka masabata 6 kapena 7, nde kamphaka koyera ka mwezi umodzi ka maso a buluu si umboni woti ndi Siamese. Onani mayi ake, ndipo musakatenge kasanakwane masabata 12, kolekanitsidwa msanga ndi komwe kamavuta pa nkhani yotsatirayi.

## Akuyamwa kapena kudya nsalu

Khalidwe ili ndi lofala mwa Siamese ndi Burmese. Amayamba ndi kuyamwa bulangete kapena juzi, ena amafika pomeza. Zoyambitsa ndi chibadwa, kuchotsedwa kwa mayi msanga, kusowa chochita, ndipo mwa apo ndi apo kuchepa kwa magazi kapena vuto la m'mimba. Bisani majuzi, masokosi, ulusi ndi zingwe za matumba a ufa, muzisewera naye mphindi 10 kapena 15 kawiri patsiku, chakudya muzimupatsa pang'onopang'ono kangapo. Kumumenya kumangowonjezera.

Mukaona ulusi ukutuluka kukamwa kapena kumbuyo, musakoke, umatha kucheka matumbo. Ngati akusanza mobwerezabwereza atadya nsalu, ameneyo ndi wa dokotala.

## Nkhanambo kunsonga kwa makutu kapena pamphuno

Kawirikawiri ndi ndewu, udzudzu kapena nthata za m'makutu. Koma a cream, a lilac ndi aja okhala ndi zoyera pankhope monga Snowshoe amatha kupsa ndi dzuwa, ndipo bala la dzuwa likakhalitsa limasanduka khansa ya pakhungu. A seal makutu awo akuda amawateteza ndithu. Dzuwa likakhala paliwombo akhale pamthunzi, ndipo nkhanambo yomwe yatha masabata awiri kapena atatu osapola, kapena ikupola n'kubwerera pomwepo, ikaonedwe.

## Izi musadikire kuti kuche

- Akupuma ndi kukamwa kotsegula, kapena akupuma kopitirira ka 40 pa mphindi ali chigonere. A Siamese mphumu imawakonda, akamatsokomola atatambasula khosi pansi ngati akufuna kusanza koma osatulutsa kanthu, musanene kuti ndi ubweya chabe.
- Wamwamuna akudzikakamiza kukodza koma mkodzo osatuluka. Izi zimapha m'masiku ochepa.
- Nkhama zoyera, zotuwa kapena zachikasu.
- Watha tsiku lathunthu osadya kanthu, makamaka wonenepa, chiwindi chimawonongeka msanga.
- Miyendo yakumbuyo yafooka mwadzidzidzi, yazizira, akulira. Zimachitika ndi matenda a mtima, omwe a Ragdoll ena amatengera kumtundu.
- Dovu, kunjenjemera, kugwa, mwina wadya tameki kapena khoswe wofa ndi poizoni. Musamumwetse mkaka kapena mafuta mokakamiza, angatsamwe.
- Walumidwa ndi galu kapena nyama yosadziwika, kapena wasintha khalidwe n'kuyamba kulusa. Chiwewe chimagwiranso amphaka, katemera wake asamaphonye. Akakulumani kapena kukukandani, tsukani balalo ndi sopo ndi madzi ambiri kwa mphindi 15 kenako kuchipatala.

Ndipo Panado. Olo theka la piritsi limapha mphaka, chiwindi chake sichitha kugaya paracetamol, nkhama zimasanduka bulawuni, nkhope imatupa. Bufeni ndi asipilini nazonso osamupatsa mwa nokha.

Ku Lilongwe kuli LSPCA, ku Blantyre kuli BSPCA, onsewa ndi mabungwe osamalira nyama, ndipo m'maboma ofesi ya zaulimi imakhala ndi a zaziweto omwe angakuuzeni kolowera. Nambala yawo isungeni mu foni lero lomwe. Ponyamula musamugwire m'manja mu minibasi kapena pa kabaza, amadzidzimuka n'kuthawa, muikeni mu basiketi ya chivindikiro kapena katoni yolimba yoboola timabowo, pansi muyale kansalu kake komwe amagonera. Tengani paketi ya chilichonse chomwe wadya kapena mwamupaka, ndipo ngati muli ndi zithunzi zake za miyezi yam'mbuyo mu foni muwaonetse adokotala, zojambulidwa masana pamalo amodzimodzi ndi zomwe zimathandiza kwambiri.